Kaunjika Kapena kwa Telala? Tiphunzire Kumanga Tokha Mapulogalamu

Tisanamizane anzathu. Ambiri mwa ife amene tikuphunzira za makompyuta pakoleji pano, wina atatifunsa mmene pulogalamu imalowera mu kompyuta, yankho lathu lingakhale lakuti umabwereka fulashi kwa mnzako wa chaka chachitatu, umatsegula fayilo ya setup, umadina Next kanayi, kenako Finish. Pulogalamuyo ikakhala yogulitsa, pamakhalanso kafoda kena kolembedwa kuti crack, ndipo mwini fulashi amakulangiza kuti uyambe wazimitsa antivayirasi. Timazimitsadi. Sitidziwa amene anakonza kafayiloko, sitidziwa chimene kakuchita kakalowa, koma timakapatsa ufulu wonse pa laputopu imene muli ntchito zathu za m'kalasi, zithunzi za kumudzi ndi mapasiwedi athu onse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ena mwa ife nyererezo tinaziona sabata ya mayeso.

Maganizo athu ndi akuti aliyense amene akufuna kudzatchedwa katswiri wa makompyuta asatuluke pano asanamangepo pulogalamu kuchokera ku source code, ndiye kuti malemba enieni amene opanga pulogalamuyo analemba, ndipo malo abwino ophunzirira zimenezi ndi ports ya FreeBSD. Sitikunena kuti njirayi ndi yachangu. Si yachangu n'komwe, ndipo zovuta zake tizinena mosabisa. Koma ndi njira imene imaika poyera chilichonse chimene batani la Next limatibisira.

FreeBSD ndi operating system ya m'banja la Unix, yochokera ku ntchito imene inkachitika pa University of California ku Berkeley. Inatuluka koyamba mu 1993. M'masiku amenewo, munthu akafuna pulogalamu ya Unix ankayenera kusaka yekha komwe source code yake ili, kuitsitsa, kuimasula, kuwerenga malangizo, kenako kulimbana ndi compiler imene inkakana chifukwa pulogalamuyo inalembedwera mtundu wina wa Unix. Akapambana, zimene wakonzazo zinkathera pa kompyuta yake, ndipo mnzake wa kutsidya lina ankayambanso nkhondo yomweyo. Mu August 1994 Jordan Hubbard, mmodzi mwa amene anayambitsa FreeBSD, analemba dongosolo lakuti ntchito imeneyi izichitika kamodzi, izilembedwa, ndipo ena onse azingotsatira. Pambuyo pake Satoshi Asami anayang'anira ntchitoyi kwa zaka zingapo. Lero ma port alipo oposa 30,000.

Port si pulogalamu ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Taganizirani za zovala. Pa kaunjika umapeza malaya osokasoka, umayesa, akakukwana umalipira n'kumapita. Kwa telala umapita ndi nsalu, iye amakuyeza, amakufunsa ngati ukufuna matumba awiri kapena limodzi, manja aatali kapena aafupi, kenako amadula ndi kusoka. Port ili ngati kope la telala lija: mulibe malaya, mulibenso nsalu, muli malangizo a komwe nsalu igulidwe, mmene ingadziwikire kuti ndi yeniyeni, podula ndi posoka. N'chifukwa chake port imodzi ndi timafayilo tochepa chabe ta malemba, toti munthu angatsegule n'kuwerenga.

Zonse zimakhala mu foda ya /usr/ports, zogawidwa m'magulu monga editors, www, lang, databases, audio ndi ena ambiri. Tiyerekeze kuti tikufuna nano, kapulogalamu kolembera kamene ambiri tinakaonapo pa Linux. Timalowa mu /usr/ports/editors/nano n'kulemba make install clean. Mawu atatu okha. Koma musachoke pampando, chifukwa phunziro lili pa zimene zikudutsa pa sikirini. Kompyuta imayamba yaona ngati pali mapulogalamu ena amene nano ikudalira, ndipo akasowa imapita kukawamanga kaye iwowo m'njira yomweyi. Imatsitsa source code kuchokera kwa eni ake n'kuisunga mu /usr/ports/distfiles. Imaiyeza ngati ndi yeniyeni. Imaimasulira mu foda yogwiriramo ntchito yotchedwa work, imamata zigamba, imafufuza mmene kompyutayo ilili, kenako compiler imayamba kusandutsa malembawo kukhala pulogalamu yoti n'kuyenda. Ikatha, imaika mafayilo m'malo mwake n'kulemba m'kaundula kuti fayilo yakutiyakuti ndi ya nano. Mawu akuti clean aja ndi osesa zidutswa za nsalu zimene zatsala pansi.

Fayilo yotsogolera zonsezi ndi Makefile. Mukaitsegula mupeza dzina la pulogalamu, nambala ya mtundu wake, komwe ikatengedwe, layisensi yake ndi mayina a mapulogalamu ena amene ikufuna. Pali pkg-descr yofotokoza mwachidule ntchito ya pulogalamuyo, ndipo ma port ambiri ali ndi pkg-plist, mndandanda wa fayilo iliyonse imene iikidwe mu kompyuta ndi malo ake. Funsani mnzanu amene anaika pulogalamu ya pa fulashi kuti akuuzeni mafayilo amene inamwaza mu laputopu yake, muone ngati angayankhe. Pa FreeBSD zimene zabwera kudzera mu ports zimapita pansi pa /usr/local, motalikirana ndi ziwalo za operating system yeniyeniyo, kotero kuti ukaononga za mlendo suononga za mwini nyumba.

Kafayilo kamene ife tinakakonda kwambiri ndi distinfo. Muli mizere yowerengeka: kukula kwa fayilo imene ikuyenera kutsitsidwa, ndi nambala yaitali ya SHA256. Nambala imeneyi ili ngati chidindo cha chala. Imawerengeredwa kuchokera ku zonse zimene zili mu fayiloyo, ndipo kungosintha chilembo chimodzi m'katimo, nambala yonse imasinthiratu. Ndiye fayilo ikaduka panjira chifukwa netiweki inagwa, kapena wina akaisintha pa seva imene tikutsitsako, ports imaima pomwepo n'kunena kuti chidindo sichikugwirizana. M'kalasi tinaphunzira za hash, tinaloweza tanthauzo lake, tinalemba pa mayeso n'kukhoza. Koma tinamvetsa ntchito yake tsiku limene kompyuta inakana fayilo imene tinatsitsa mwa theka, ife tikuganiza kuti yatha.

Zigamba zija zimakhala mu kafoda kotchedwa files. Mapulogalamu ambiri masiku ano amalembedwa ndi anthu amene akugwiritsa ntchito Linux, ndipo amangoganiza kuti dziko lonse ndi Linux: amayembekezera fayilo inayake pamalo pamene pa FreeBSD palibe, kapena amaitana ntchito imene kuno ili ndi dzina lina. Chigamba chimanena kuti pa mzere wakuti chotsani ichi, ikani ichi. Mizere yochotsedwa imayamba ndi chizindikiro chochotsera, yoonjezedwa ndi chophatikizira. Wophunzira amene wakhala madzulo amodzi akuwerenga zigamba khumi amadziwa kusiyana kwa ma operating system awiriwa kuposa amene waloweza mutu wonse wa m'buku, chifukwa akuona vuto lenileni ndi mmene munthu wina analithetsera.

Tsopano tifike pa matumba ndi manja a malaya aja. Ma port ambiri amalola kusankha, ndipo lamulo lake ndi make config. Yesani pa www/nginx, seva ya masamba a pa intaneti imene Igor Sysoev anatulutsa mu 2004. Pamatuluka mndandanda wautali wa zigawo zimene ungaphatikizemo kapena kuzisiya. Pa seva imene ntchito yake ndi imodzi, chigawo chilichonse chosafunika ndi khomo lina loti mbala ingayese, ndiponso ndi katundu wina woti uzimusamalira. Kwa telala umatha kunena kuti thumba ili sindikulifuna. Palinso mapulogalamu amene malamulo salola kuti agawidwe omangamanga. Kwa zaka zambiri lame, yopangira mafayilo a MP3, inkapezeka pa FreeBSD kudzera mu port yokha. Koma walira mvula walira matope. Ukayatsa chigawo chimodzi mwachidwi chabe, chimakoka mapulogalamu ena asanu, ndipo aliyense wa iwo amabwera ndi mndandanda wake wofunsa. Ukachoka kuti ukadye, umabwerera n'kupeza kompyuta yaima pa funso kwa maola awiri. Mankhwala ake ndi make config-recursive, imene imafunsiratu mafunso onse ntchito isanayambe.

Anzathu ena amatsutsa, ndipo mfundo zawo n'zomveka. Choyamba ndi nthawi. Nano imamangika munthu asanamalize kapu ya tiyi, koma LibreOffice, Chromium, Rust kapena LLVM zimadya maola ambiri, ndipo pa laputopu zimene ambiri tili nazo zikhoza kudya usiku wonse mpaka kucha, fani ikulira ngati chigayo. Ife tinayesapo kumanga msakatuli wa pa intaneti mwa njira imeneyi. Tinayamba madzulo, magetsi anazima pakati pa usiku, batire inapirira pang'ono n'kugonja, ndipo m'mawa tinapeza sikirini yakuda. Nthawi zambiri ukalembanso make imapitiriza pamene inalekezera, koma ulendo umenewo fayilo ina inaonongeka pozima paja, ndiye tinasesa zonse n'kuyambiranso. Chachiwiri ndi bandulo. Pulogalamu yomangamanga umatsitsa yokhayo ndi zimene imafuna poyenda, koma pomanga wekha umatsitsanso zida zomangira, zimene nthawi zina n'zazikulu kuposa chimene ukumangacho.

Pa zimenezi sitikangana nawo. FreeBSD yomweyo ili ndi kaunjika wake, ndipo ndi kaunjika waukhondo. Chida chake ndi pkg, chimene Baptiste Daroussin anatsogolera kulemba ndipo chinakhala chokhazikika kuyambira pa FreeBSD 10 mu 2014. Ukalemba pkg install nginx, pakapita kanthawi kochepa zatheka. Chofunika kudziwa n'chakuti mapaketi amenewa sachokera kwina: amamangidwa kuchokera mu ma port omwewa, pa makina a FreeBSD, ndi zosankha zimene wosamalira port anaona kuti zikwanira anthu ambiri. A OpenBSD, amene alinso ndi ports yawo, amalangiza poyera kuti munthu wamba azigwiritsa ntchito mapaketi, ports aisiyire amene akukonza mapaketiwo. Ifenso tikuti msakatuli, LibreOffice ndi zina zikuluzikulu tengani za pkg, musazunze laputopu. Koma wophunzira za makompyuta si munthu wamba pa nkhani imeneyi. Wodwala amangomwa mankhwala, pamene wophunzira udokotala amayenera kudziwa zimene zili m'mbulumo.

Pali msampha umodzi umene umagwira pafupifupi aliyense woyamba kumene, ndipo ifenso unatigwira: kusakaniza njira ziwirizi mosaganiza. Pa FreeBSD yoikidwa kumene, pkg imatenga mapaketi kuchokera ku nthambi imene imadulidwa pa miyezi itatu iliyonse, yokhala ndi mayina monga 2024Q1, ndipo m'kati mwa miyeziyo imangolandira zokonza zofunika, makamaka za chitetezo. Koma ma port ukawatenga ku nthambi yaikulu, umatenga zimene zikusintha tsiku ndi tsiku. Ndiye umamanga pulogalamu imodzi kuchokera mu ports, iyo imakoka library yatsopano, ndipo mapulogalamu ena amene unaika ndi pkg, amene ankadalira library yakale ija, amayamba kukana kutseguka. Kapena umamanga nginx yako ndi zosankha zako, kenako pkg upgrade imabwera n'kuichotsa, n'kuikapo ya aliyense. Buku la malangizo la FreeBSD limachenjeza za zimenezi. Ngati kusakaniza sikungapeweke, tengani ma port a nthambi yofanana ndi ya mapaketi anu, ndipo chimene mwamanga nokha muchitseke ndi pkg lock. Komanso musanakweze chilichonse werengani fayilo ya /usr/ports/UPDATING, mmene amalembamo zosintha zimene zimafuna dzanja la munthu. Safunsa anadya phula.

Tionjeze chenjezo lina kwa amene akasake malangizo pa intaneti. Ambiri mwa malangizo akale amanena za portsnap ngati njira yotengera ma port. Chida chimenecho chinachotsedwa mu FreeBSD 14, ndipo kuyambira mu 2021 ma port amasungidwa mu Git. Ndiye potenga ndi pokweza mtengo wa ports, munthu amaphunzirira pomwepo git clone ndi git pull, zimene adzazifune kulikonse kumene akagwire ntchito.

Nkhani ya bandulo ndi magetsi ili ndi yankho lake, ndipo yankholo ndi limene likutichititsa kunena za labu osati laputopu ya munthu mmodzi. Lamulo la make fetch-recursive limatsitsiratu source code yonse yofunika popanda kumanga kalikonse, kotero ukhoza kutsitsa pamene netiweki ili bwino n'kudzamanga nthawi ina popanda intaneti. Foda ya distfiles ikhoza kukoperedwa pa fulashi n'kupatsa mnzako, ndipo apa kubwerekana fulashi kulibe mantha aja, chifukwa distinfo iyezabe fayilo iliyonse. Kuposa apo pali poudriere, dzina la Chifalansa lotanthauza mosungira onga wa mfuti. Ndi chida chimene a FreeBSD eni ake amamangira mapaketi awo. Chimamanga port iliyonse m'chipinda chakechake chotchedwa jail, mosakhudza kompyuta yeniyeniyo, ndipo pamapeto pake chimatulutsa nkhokwe ya mapaketi. Kompyuta imodzi ikamanga, ena onse mu labu akhoza kuloza pkg yawo ku nkhokwe imeneyo. Kutsitsa kamodzi, kumanga kamodzi, ndi zosankha zathu. Wophunzira amene wayendetsapo zimenezi kwa teremu imodzi wagwira kale ntchito imene oyang'anira maseva amalipidwa nayo.

Sitikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti kumanga wekha ndi katemera wa mavuto onse. Mu March 2024 Andres Freund, injiniya amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, anadabwa kuona kuti kulowa mu kompyuta yake kudzera pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi lobisidwa mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo imene ili m'makompyuta osawerengeka, mu mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Analiika ndi munthu amene ankadzitcha Jia Tan, amene anakhala zaka akuthandiza pa ntchitoyo mpaka anakhulupiriridwa n'kupatsidwa mphamvu zotulutsa mitundu yatsopano. Chiwembucho chinalunjika pa Linux ndipo sichinagwire FreeBSD, koma phunziro lake likutikhudza. Mbali ina ya msamphawo inali mu fayilo yeniyeni imene eni pulogalamu anatulutsa. Chidindo cha SHA256 chikanagwirizana bwinobwino, chifukwa chimangotsimikiza kuti walandira chimene anatumiza, osati kuti chimene anatumizacho n'chabwino. Telala akhoza kusoka mwaluso nsalu yobedwa. Chimene chinapulumutsa anthu ndi munthu mmodzi amene anali ndi chizolowezi chofunsa kuti n'chifukwa chiyani ichi chikuchedwa, ndipo anali ndi luso lotsegula n'kuyang'ana m'kati. Chizolowezi chimenecho sichibwera ndi kudina Next. Pa zoopsa zimene zadziwika kale, FreeBSD ili ndi kaundula wotchedwa VuXML, ndipo pkg audit -F imakuuza ngati pa zimene waika pali chimene chili m'kaundulamo; ports nayonso imakana kumanga pulogalamu imene yalembedwamo pokhapokha utaikakamiza.

Ena amati mabwana amene adzatilembe ntchito amafuna Windows ndi Ubuntu, FreeBSD sanaimvepo. Mwina n'zoona kwa ambiri, ngakhale kuti maseva amene Netflix imatumizira mafilimu amayendera FreeBSD, ndipo PlayStation 4 inamangidwa pa maziko ake. Koma chimene tikuphunzira si dzina la operating system. Nzeru ya ports inafalikira kutali: NetBSD inaitenga mu 1997 n'kupanga pkgsrc, Daniel Robbins anatengerapo popanga Portage ya Gentoo Linux, ndipo MacPorts ya makompyuta a Apple inayamba mu 2002 Jordan Hubbard yemwe uja ali m'gulu la oiyambitsa. Ngakhale apt ya Ubuntu imakupatsa mapaketi amene wina anamanga mwa njira yofanana: kutenga source code, kumata zigamba, kulemba zimene ikudalira. Tsiku limene apt idzakane, n'kunena kuti pulogalamu iyi ikufuna library imene ikulimbana ndi ina, amene anadutsa mu ports adzadziwa chimene chikunenedwa. Winayo adzafufuta zonse n'kuikanso operating system, monga timachitira masiku ano.

Mu Makefile iliyonse muli mzere wa MAINTAINER, wosonyeza amene amasamalira port imeneyo. Ambiri mwa anthu amenewa ndi odzipereka, amagwira ntchitoyi madzulo akaweruka kwina. Ndipo ma port ochuluka ndithu alibe mwini; akudikira wina woti awatenge. Palibe amene amafunsa digiri kapena dziko limene ukuchokera. Pali buku lotchedwa Porter's Handbook lofotokoza kalembedwe ka port, ndipo ntchito yoyamba ikhoza kukhala yaing'ono: pulogalamu yatulutsa mtundu watsopano, iwe usinthe nambala mu Makefile, ulembe make makesum kuti distinfo ikonzedwenso, uyese ngati ikumangika, utumize chigamba chako. Chikalandiridwa, dzina lako limalowa m'mbiri ya ntchitoyo pamalo pamene aliyense angathe kuliona. Timadandaula kawirikawiri kuti olemba ntchito amafuna luso la zaka ziwiri kwa munthu amene wangomaliza kumene sukulu. Apa pali ntchito yeniyeni, younikidwa ndi akatswiri, yoti munthu angayambe ali chaka chachiwiri.

Pempho lathu kwa aphunzitsi athu ndi oyang'anira labu si lalikulu. M'ngodya muja muli makompyuta akale amene anaikidwa pambali chifukwa sangathe kunyamula Windows yatsopano. Tipatseni imodzi, ndi chilolezo choti tiziiononga n'kuikonza. FreeBSD ndi yaulere, ndipo poiika imafunsa ngati ukufuna kuti ports ilowe nawo, choncho tidzavomera. Sabata yoyamba tidzamanga nano, ndipo wina aliyense asanalembe make adzayamba wawerengera anzake Makefile ndi distinfo mokweza. Sabata yachiwiri tidzasintha dala chilembo chimodzi mu fayilo ya mu distfiles kuti tione kompyuta ikukana. Poudriere tidzaiyamba tikapeza UPS.